MALINGA A MAPEMPHERO M'MAPIRI A BHUTAN

Mau owerenga pa phunziro ili: Macitidwe a Atumwi 17:16-34; Aefeso 2:1-10; Cibvumbulutso 2:17.

Kum'mawa kwa dziko lapansi, m'mapiri atali a Himalaya, kuli ufumu waung'ono dzina lace Bhutan. Caka ndi caka alendo ocokera kutali amapereka ndarama zambiri kuti akaone nyumba za mapemphero za anthu a kumeneko, amene atsata ciphunzitso ca Buddha. Mlendo saloledwa kulowa m'nyumba zimenezo yekha. Ayenera kukhala ndi mwini dziko womtsogolera. Phunziro ili lilondola ulendo wotere kuyambira pa bwalo la ndege kufikira m'kati mwa kacisi, kuti Mkristu wa kumudzi adziwe anthu amenewa ndi cimene akhulupirira, ndiponso kuti alingalire umo wotsata Kristu ayenera kukhalira pakati pa anthu a cipembedzo cina. Funsoli likhudza mipingo ya kuno komwe, pakuti ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke Mkristu akomana tsiku ndi tsiku ndi Asilamu, Ahindu ndi osunga miyambo ya makolo.

DZIKO NDI ANTHU ACE

Bhutan liri pakati pa maiko awiri akuru, India kumwera ndi China kumpoto, ndipo monga Zambia liribe gombe la nyanja yamcere. Ukuru wace ndi masikweya kilomita 38,394. Maiko otere 19 angalowe m'kati mwa Zambia, malo natsalako. Kalembera wa caka ca 2017 anapeza anthu opitirira pang'ono 700,000. Mzinda wa mfumu ndiwo Thimphu, ndipo cinenero ca boma ndico Dzongkha. Eni ace achula dziko lao Druk Yul, ndiko kunena kuti dziko la cinjoka ca mabingu.

Dziko lonse ndi mapiri ndi zigwa zakuya. Phiri lalitali koposa, Gangkhar Puensum, lifika mamita 7,570, kuposa kawiri nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, imene iri mamita 3,002. Palibe munthu anapondapo pamwamba pace, pakuti eni dziko ayesa mapiri atali mokhalamo mizimu, ndipo boma linaletsa kukwera nsonga zotere m'caka ca 1994. M'zigwa anthu alima mpunga wofiira, cimanga, mbatata ya kacewere ndi tsabola, amene kwa iwo ali ndiwo ya masiku onse. Pa mapiri aweta ng'ombe za ubweya wautali zochedwa yak. Pafupifupi anthu atatu mwa anai ali onse atsata Buddha, ndipo ambiri mwa otsalawo ndi Ahindu.

Banja lacifumu la Wangchuck linayamba kulamulira m'caka ca 1907, pamene akuru a dziko analonga Ugyen Wangchuck ufumu. Kwa zaka zambiri dzikolo linakhala lotsekeka: miseu ya galimoto inayamba kulambulidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo wailesi ya kanema inaloledwa m'caka ca 1999. Mfumu yacinai, Jigme Singye Wangchuck, inaphunzitsa kuti cimwemwe ca anthu ciposa kucuruka kwa cuma ca dziko. Inatula ufumu iri moyo m'caka ca 2006, niupatsa mwana wace Jigme Khesar Namgyel Wangchuck. M'caka ca 2008 dziko linalandira malamulo atsopano, anthu nayamba kusankha okha aphungu ao. Malamulowo ati magawo 60 mwa 100 a dziko akhale nkhalango masiku onse.

LAMULO LA ALENDO

Alendo oyamba odzaona dziko analoledwa m'caka ca 1974, ndipo anali 287 okha. Pofika caka ca 2019 anapitirira 300,000. Boma linadziwa kuti walira mvula walira matope: ndarama za alendo zithandiza, koma makamu a alendo angadetse njira za m'mapiri, napeputsa miyambo, nasandutsa makacisi misika. Cifukwa cace linaika msonkho wa usiku uli wonse umene mlendo agona m'dzikomo. Pamene zipata zinatsegulidwanso m'mwezi wa Sepitembala 2022, utapita mliri wa Covid-19, msonkhowo anauika pa madola 200 a ku America, ndipo m'caka ca 2023 anautsitsa kufika pa madola 100. Cakudya, pogona ndi galimoto mlendo alipira padera. Anthu a ku India alipira zocepa. Boma liti ndaramazo zithandiza pa sukulu ndi zipatala, zimene eni dziko salipira, ndi pa kusunga nkhalango ndi nyumba zakale.

Alendo ambiri afika pa ndege ku Paro, cigwa copapatiza kumene ndege ikhotakhota pakati pa mapiri isanatere, ndipo oyendetsa owerengeka okha ndiwo aloledwa kutera kumeneko. Pa bwalopo mlendo alandiridwa ndi namlondola wace, munthu wophunzitsidwa nchitoyo, wokhala ndi cilolezo ca boma. Wamwamuna abvala mkanjo wofika m'maondo wochedwa gho. Wamkazi abvala nsaru yofika m'mapazi yochedwa kira. Polowa m'linga mwamuna apacika paphewa nsaru yaitali yaulemu. Ya munthu wamba ndi yoyera, koma yacikasu ndi ya mfumu ndi mkuru wa amonke okha.

Nchito ya namlondola ndi kumasulira mau, kufotokoza zithunzi, ndi kucinjiriza mlendo kuti asalakwire eni ace. Amuuza kuti abvale zobisa manja ndi miyendo, abvule cisoti ndi nsapato pa khomo la kacisi, asajambule zithunzi m'kati, asaloze fano ndi cala koma ndi dzanja lotambasula, ndipo pozungulira cinthu copatulika aciike ku dzanja lamanja. Akuru anati safunsa anadya phula. M'caka ca 2019 mlendo wina anakwera pamwamba pa cimodzi ca zipilala 108 za pa phiri la Dochula kuti ajambulidwe. Zipilalazo zikumbutsa asilikari amene anafa pa nkhondo ya caka ca 2003, ndipo eni dziko aziyesa zopatulika. Anthu anapwetekedwa mtima, apolisi anamgwira, iye napepesa ndi kalata.

BUDDHA NDI CIPHUNZITSO CACE

Munthu wochedwa Buddha dzina lace linali Siddhartha Gautama. Anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka ngati 500 Kristu asanabadwe. Mbiri yao iti anali mwana wa mfumu, woleredwa m'kati mwa mpanda kuti asaone zowawa. Ataturuka anaona nkhalamba, wodwala ndi mtembo, ndipo mtima wace unasweka pozindikira kuti anthu onse alinga komweko. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba, mkazi ndi mwana, nakafuna njira yoturukira m'zowawa. Patapita zaka 6, ali khale patsinde pa mtengo ku Bodh Gaya, anati waipeza. Dzina lakuti Buddha litanthauza wogalamuka. Anaphunzitsa kufikira anamwalira ali ndi zaka 80.

Mutu wa ciphunzitso cace ndi uwu: moyo wadzala ndi zowawa, zowawazo zicokera ku cilakolako cosakhuta, cilakolako cikazimidwa zowawa zitha, ndipo iripo njira ya makhalidwe olungama, kudziletsa ndi kusinkhasinkha yofikitsa munthu kumeneko. Omtsata alonjeza kusapha camoyo, kusaba, kusacita cigololo, kusanama ndi kusaledzera. Akhulupirira kuti munthu akafa abadwanso, kaya munthu, kaya nyama, kaya mzimu, monga mwa nchito zace, ndipo atero kosaleka kufikira atamasuka. Buddha sanaphunzitse za Mulungu Mlengi, ndipo sanadziche yekha Mulungu. Anati iye aloza njira, koma yense ayende ndi mapazi ace. Ngakhale ziri tero, ku Bhutan anthu agwadira mafano a Buddha ndi a aphunzitsi akale, naopanso mizimu ya m'mapiri, m'nyanja ndi m'mitengo.

Pa khonde la makacisi ambiri pali cithunzi ca gudumu lalikuru, ndipo namlondola aimika alendo pamenepo. Pakati pa gudumu pali nkhumba, njoka ndi tambala zolumana micira, zizindikiro za umbuli, udani ndi kusirira. Pozinga izi pali zigawo 6 za malo amene camoyo cingabadwiremo, kuyambira kwa milungu kufikira ku malo a cizunzo. Gudumu lonse liri m'mano ndi m'zikhadabo za cirombo coopsa, kusonyeza kuti imfa igwira zonse. Wojambula cithunzi cimeneci anaona bwino nthenda ya mtima wa munthu, pakuti zoipa zitatuzo zipezeka m'mudzi uli wonse.

MALINGA

Nyumba zochuka koposa za Bhutan ndizo malinga ochedwa dzong. Woyambitsa ambiri a iwo ndiye Ngawang Namgyal, wodziwika ndi dzina laulemu lakuti Zhabdrung, mmonke amene anathawa mkangano ku Tibet nafika m'caka ca 1616. Iye anagwirizanitsa zigwa zimene zinali zogawikana, namanga malinga kuti aciteteze ku ankhondo a ku Tibet. Linga la Simtokha linamangidwa m'caka ca 1629, ndipo la Punakha linayambidwa m'caka ca 1637 pokomana mitsinje iwiri, Pho Chhu ndi Mo Chhu, ndiko kuti mtsinje wamwamuna ndi mtsinje wamkazi. Makoma ace ndi ocindikala, opaka njereza, okhala ndi mzere wofiira pafupi ndi denga, ndipo mbiri iti amisiri anamanga popanda misomali.

Linga ligwira nchito ziwiri: mbali yina muli maofesi a boma, mbali yina mukhala amonke, ndiwo amuna odzipereka ku mapemphero, osakwatira, ometa mpala, obvala nsaru zofiira. Mkuru wao, Je Khenpo, akhala ndi gulu lace ku Punakha kofunda m'nyengo yacisanu, nabwerera ku Thimphu m'nyengo yotentha. Pamene Zhabdrung anamwalira m'caka ca 1651, akuru anabisa imfa yace zaka zoposa 50, namanena kuti ali kupemphera m'cipinda, poopa kuti dziko lingagawikenso. Thupi lace lisungidwa ku Punakha kufikira lero, m'cipinda cimene alendo saloledwa kulowamo.

M'kati mwa kacisi muli mdima ndi pfungo la lubani. Patsogolo pa mafano okutidwa ndi golidi pali nyali zoyaka ndi mafuta a mkaka, ndi mbale 7 za madzi zodzazidwa m'mamawa. Anyamata akhala pansi m'mizere, nawerenga mokweza mabuku a cinenero cakale ca ku Tibet, ng'oma ndi malipenga atali zirikulira. Ena analowa ali ndi zaka 6 kapena 7, ndipo ambiri ndi ana amasiye kapena a mabanja osauka, amene apeza kumeneko cakudya ndi pogona. Mmonke wokhwima angadzipatule kwa anthu zaka zitatu, miyezi itatu ndi masiku atatu. Kunja kuli timigolo tokhala ndi mapemphero olembedwa m'kati. Nkhalamba zitizunguza ndi dzanja, pokhulupirira kuti kuzunguza kulingana ndi kunena pempherolo. Pa zitunda ndi pa milatho pali mbendera za mitundu 5 zolembedwa mapemphero, kuti mphepo iwaulutsire ku zamoyo zonse.

Popeza m'malinga muli matabwa ambiri, moto ndiwo mdani wao. Linga la Wangdue Phodrang linapsa m'caka ca 2012, ndipo anatsiriza kulimanganso m'caka ca 2022.

KACISI WA PA THANTHWE

Palibe mlendo afuna kubwerera asanaone Taktsang, kacisi womatirira pa thanthwe mamita ngati 900 pamwamba pa cigwa ca Paro, mamita 3,120 kucokera pa nyanja. Dzinali litanthauza phanga la taiga, cirombo ca mizeremizere ca mtundu wa nyalugwe. Nthano yao iti mphunzitsi Padmasambhava, amene eni dziko amcha Guru Rinpoche, anafika pamenepo m'zaka za m'ma 700 atakwera pa msana pa taiga wamkazi wouluka, nasinkhasinkha m'phanga, nagonjetsa mizimu yoipa ya m'deralo. Kacisi anamangidwa pa phangalo m'caka ca 1692 ndi wolamulira dzina lace Tenzin Rabgye. Anapsa m'mwezi wa Epulo 1998, ndipo nchito yomanganso inatha m'caka ca 2005.

Kukwera kutenga maora awiri kapena atatu m'nkhalango ya paini. Akavalo afikitsa ofoka pakati pa njira, koma kotsalako yense ayenda yekha. Mpweya ndi wocepa, ndipo mlendo wosazolowera apuma wefuwefu. Pafupi ndi mapeto njira itsika makwerero mazanamazana kufikira pa mathithi, nikweranso. Pa khomo alonda asunga matumba, mafoni ndi makamera. M'njira yomweyo mlendo apitirirana ndi eni dziko: amai obereka makanda, ndi agogo ogwira ndodo ndi mikanda ya mapemphero. Mlendo wadza kudzaona, koma awa adza kudzafuna madalitso ndi kucepetsa mangawa a zoipa zao.

GULE WA CIWERUZO

Linga liri lonse liri ndi cikondwerero cace ca pa caka cochedwa tshechu, cokumbukira Padmasambhava. Anthu abvala zokongola, nadza ndi cakudya, nakhala pa bwalo masiku angapo kupenya amonke ndi amuna a m'midzi akubvina atabvala nkhope zosema. Ku Paro, tsiku lotsiriza kusanace, atambasula pa khoma nsaru yaikuru ya cithunzi ca mphunzitsiyo, naipindanso dzuwa lisanaiombe, ndipo anthu akhulupirira kuti kuipenya kokha kucotsa zoipa. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalemba gule wa ng'oma wa ku Drametse, kum'mawa kwa Bhutan, pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, caka comweco cimene linalembapo Gule Wamkuru wa Acewa.

Gule wina, wochedwa Raksha Mangcham, aonetsa mlandu wa akufa. Mfumu ya imfa ikhala pa mpando ndi kalirole woonetsa nchito zonse za munthu. Atumiki ace a nkhope za nyama abwera naye mlenje amene anapha zamoyo zambiri. Mzimu woyera umnenera, nuwerenga timiyala toyera ta zabwino zace. Ciwanda cakuda cimneneza, niciwerenga timiyala takuda ta zoipa zace. Takuda ticuruka, ndipo mlenje akokeredwa ku cizunzo. Pambuyo pace afika munthu wolungama, toyera tace ticuruka, natengedwa kumka ku malo a mtendere. Ana aona zimenezi caka ndi caka, naphunzira kuti kanthu kali konse kacitidwa kadzawerengedwa.

ZIMENE ULENDO SUONETSA

Mlendo ndi mame; akhala masiku owerengeka, naona zimene eni ace afuna kuti aone. Dziko lochuka ndi cimwemwe liri nazo misozi yace. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa mkangano wa unzika, cinenero ndi cibvalo, anthu olankhula Cinepali a kumwera kwa dzikolo anathamangitsidwa kapena kuthawa, ndipo oposa 100,000 anakhala zaka zambiri m'misasa kum'mawa kwa Nepal, kufikira ambiri anatengedwa ndi America ndi maiko ena. Anthu a ku Petauke, amene anaona othawa nkhondo a ku Mozambique ku Ukwimi, adziwa kulemera kwace kwa nkhani yotere. Masiku ano anyamata ndi asungwana ophunzira ambiri acoka kumka ku Australia kukafuna nchito, nasiya nkhalamba m'midzi.

Uthenga wa Kristu unamveka koyamba m'caka ca 1627, pamene ansembe awiri Aciroma a gulu la Ajezuiti ocokera ku Portugal, Estêvão Cacella ndi João Cabral, anafika m'dzikomo. Zhabdrung anawacereza miyezi ngati 8, nawalola kuphunzitsa, koma iwo anapitirira kumka ku Tibet, osasiya mpingo. M'caka ca 1963 wansembe wa ku Canada, William Mackey, anaitanidwa kudzayambitsa sukulu kum'mawa kwa dzikolo. Anagwira nchitoyo zaka zoposa 30 posunga pangano lakuti asatembenuze anthu, ndipo anapatsidwa unzika wa Bhutan asanamwalire m'caka ca 1995.

Lero Akristu alipo, koma ndi ocepa. Malamulo a 2008 apatsa munthu ufuru wa cipembedzo, nachulanso ciphunzitso ca Buddha kuti ndico colowa ca mtundu wonse. Lamulo la caka ca 2011 lilanga wokakamiza kapena wonyengerera mnzace kusintha cipembedzo. Mipingo siinalembedwe ndi boma, kotero okhulupirira asonkhana m'nyumba za anthu, ndipo abvutika kupeza manda, popeza mwambo wa dziko ndi kutentha mitembo. Namlondola satengera mlendo ku zipinda zimenezi.

ZIMENE MKRISTU APHUNZIRAPO

Coyamba ndi kupenya ndi kumvetsa asanalankhule. Paulo atafika ku Atene anayendayenda m'mudzimo, napenyetsetsa zimene anthu anapembedza. Mtima wace unabvutika ndi mafano, koma poimirira pa Areopagi sanayambe ndi kutukwana. Anayamba ndi guwa la nsembe limene analipeza, loperekedwa kwa mulungu amene iwo sanamdziwe, nachulanso mau a alakatuli ao, ndipo pamenepo analalikira Mlengi ndi kuuka kwa akufa. Ena anaseka, koma Dionisiyo ndi Damarisi anakhulupirira. Ku Efeso mlembi wa mudzi anacitira umboni anzace a Paulo kuti sanabe za m'kacisi, ndipo sananyoze mulungu wa Aefeso (Macitidwe 19:37). Mkristu amene atonza Msilamu pa msika, kapena kunyoza maliro a mnansi wace wosakhulupirira, wadzitsekera yekha khomo limene Uthenga ukadalowera.

Caciwiri ndi kusiyanitsa ulemu ndi kulambira. Kubvula nsapato, kutsitsa mau ndi kubvala moyenera m'nyumba ya mapemphero ya eni ndiwo ulemu, ndipo Mkristu aupereka ndi mtima wonse. Kugwadira fano, kuliyatsira nyali, kapena kuzunguza mgolo wa mapemphero ndiko kulambira, ndipo kuyenera Mulungu yekha. Anyamata atatu aja a ku Babulo anatumikira mfumu mokhulupirika m'zonse, koma bondo lao silinapindike pa fano lagolidi (Danieli 3). Momwemo kumudzi: Mkristu athandiza kukumba manda, kutola nkhuni ndi kugona pa maliro a mnansi wa cipembedzo ciri conse, koma pa nsembe ya mizimu apepesa mofatsa naima pambali.

Cacitatu ndi manyazi oyenera. Agogo a ku Paro akwera thanthwe maora atatu kukafuna dalitso losatsimikizika, pamene Akristu ena alephera kuyenda mtunda waufupi kumka ku mapemphero cifukwa ca kamvula kowaza. Ana a m'malinga aloweza mabuku athunthu, pamene m'nyumba zambiri Buku Lopatulika ligona pansi pa pfumbi. Anthu osadziwa Mlengi asunga nkhalango zao ndi lamulo, pamene mapiri ambiri a kuno ameteka ndi nkhwangwa za ootcha makala, ngakhale Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga (Genesis 2:15). Cangu ca anthu a ku Bhutan citsutsa ulesi wa odziwa coonadi.

Cacinai, ndico cacikuru, ndi nkhani ya timiyala. Gule uja anena zoona kuti ciweruzo ciripo ndi kuti palibe nchito yobisika. Koma munthu woona mtima akakhala pansi kuwerenga timiyala tace, pamodzi ndi zolingalira za mtima ndi zabwino zimene anazileka, sangapeze mpumulo, pakuti sadziwa ngati toyera tidzakwanira. Mantha omwewo alowa ndi m'mpingo momwe, pamene Mkristu ayesa kuti copereka, unifomu ya cigwirizano kapena udindo wa ukuru wa mpingo zidzalemera pa muyeso wa Mulungu. Paulo aphunzitsa Aefeso kuti cipulumutso ndi mphatso ya cisomo yolandiridwa mwa cikhulupiriro, kuti pasakhale wodzitamandira, ndi kuti nchito zabwino zitsata pambuyo monga zipatso. Mangawa a timiyala takuda Kristu anawasenza pa mtanda. Ndipo m'Cibvumbulutso Ambuye alonjeza wolakika mwala woyera wolembedwa dzina latsopano. Mwala umenewo munthu sautola yekha. Aulandira m'dzanja la Iye amene anamfera. Uwu ndiwo uthenga umene Mkristu ali nao kwa mnansi wace, ndipo aunena modzicepetsa, monga wopemphapempha wouza mnzace kumene kuli cakudya.

MAFUNSO A M'MAGULU

1. Kodi cifukwa ninji boma la Bhutan lifuna kuti mlendo alowe m'makacisi ndi namlondola? Nanga mpingo ulandira bwanji mlendo wosadziwa miyambo yace?

2. Ndi zinthu ziti m'makhalidwe a otsata Buddha zimene zifanana ndi Malamulo Khumi, ndipo ciphunzitso cao cisiyana pati ndi Uthenga Wabwino?

3. Pa maliro kapena pa ukwati wa mnansi wa cipembedzo cina, ndi ziti zimene ziri ulemu, ndipo ndi ziti zimene ziri kulambira?

4. Kodi ndi timiyala totani timene Akristu a masiku ano ayesa kudziunjikira pamaso pa Mulungu?

ZOPEMPHERERA

Mpingo ukumbukire mfumu ya Bhutan ndi aphungu ace, kuti aweruze mitundu yonse ya m'dzikomo mwacilungamo. Ana a m'malinga, makamaka amasiye. Mabanja amene anabalalika kucokera m'misasa ya ku Nepal. Ndi Akristu osonkhana m'nyumba, kuti alimbike ndi kukhala ndi mbiri yabwino pakati pa abale ao. Upempherenso anansi a zipembedzo zina m'midzi ya kuno, ndi kuti Akristu akhale pakati pao mwaulemu ndi mosabisa dzina la Ambuye wao.